Tikufuna gombe labata loti tikagoneko ndi ana: Senga Bay kapena Nkhotakota?

Nachisale_Salima:
Moni nonse a m'gulu lino. Ine ndi bambo a kunyumba tagwirizana kuti pa tchuthi titenge ana athu atatu pamodzi ndi apongozi anga aakazi, omwe akhale akuchokera ku Ntchisi, tikagone kunyanja masiku angapo. Ngakhale timakhala pa boma pa Salima pomwe pano, magombe omwe timawadziwa ndi aja omwe aliyense amathamangirako pa zikondwerero, kumene munthu sungamve zomwe mnzako akunena chifukwa cha nyimbo za m'magalimoto. Tikufuna malo oti mwana wa zaka 4 azisewera pamchenga ife tikumuona tili chikhalire, komanso oti agogo ake, omwe amavutika ndi mawondo, asamachite kukwera masitepe ambiri. Ana enawo ali ndi zaka 9 ndi 13. Kodi malo otere alipo ku Senga Bay, kapena tingolimba mtima n'kulowera ku Nkhotakota? Ndikupempha inu amene munagonako ndi ana kuti mutiuze zomwe munaona ndi maso anu, osati zomwe eni malo amalemba pa Facebook.

Mlonda_waGombe:
Mayi, muyambe mwatiuza kuti tchuthi chake ndi chiti. Ngati ndi cha Khrisimasi, palibe gombe lomwe galimoto yaing'ono imafikako mosavuta lomwe lingakupatseni bata.

MwanaWaLinga:
Ine ndinena mosapsatira kuti bwerani kwathu kuno ku Nkhotakota. Chomwe chimadzazitsa Senga Bay ndi kufupika kwake ndi Lilongwe. Kuchokera mumzinda kufika pa boma pa Salima ndi makilomita pafupifupi 100 pamsewu wa M14, ndipo kuchoka pa boma kukafika kunyanja ndi makilomita 20 chabe. Munthu amatha kunyamuka ku Area 25 atamwa tiyi, n'kudzasambira, kuotcha kanyenya, madzulo n'kubwerera kwawo. Anthu obwera tsiku limodzi otere ndiwo amabweretsa phokoso, chifukwa sadzagona pamalopo ndipo alibe chifukwa chosungira mtendere wa usiku. Kuno muyenera kuonjezerapo makilomita oposa 100 pamsewu wa M5, ndipo mtunda umenewo umasefa anthu. Wofika kuno amakhala kuti wakonzeka kugona.

Malo ambiri ogona alendo ali kumwera kwa boma, pakati pa Chia ndi tauni, ndipo kuti mukawafike mumapatuka pa tala n'kuyenda makilomita angapo mumsewu wafumbi wodutsa m'minda ya chinangwa ndi mpunga. Mukafika mumapeza mchenga wautali woti ana athamange mpaka atope, ndipo m'mawa dzuwa limatulukira pamadzi penipeni chifukwa gombe lathu linayang'ana kum'mawa. Kunja kukayera bwino mumaona mapiri a ku Mozambique kutsidya. Ponena za agogo, malo ambiri kuno ndi achidikha, kotero zipinda zimakhala pafupi ndi mchenga popanda chitunda chokwera.

WaKuKambiri:
A MwanaWaLinga, mwanena zoona pa za mtunda, koma mwaipaka Senga Bay utoto umodzi ngati kuti ndi gombe limodzi. Derali ndi lalitali, ndipo lili ndi mahotela akuluakulu, maloji ang'onoang'ono, nyumba za anthu zomwe amabwereketsa, komanso midzi ya asodzi pakatikati. Phokoso lomwe a Nachisale akudandaula limapezeka pamalo omwe amalipiritsa pachipata kuti munthu alowe kudzacheza tsiku limodzi. Alipo malo ena omwe salandira alendo otere, ndipo kumeneko ngakhale Loweruka mumangomva mafunde ndi nkhwazi basi.

Chachiwiri ndi tsiku. Gombe lomwelo lomwe limasefukira ndi anthu pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, kapena pa 26 Disembala, mukapitako Lachiwiri wamba mumalipeza lili zii, ogwira ntchito akungosesa masamba. Banja lokhala ku Salima lili ndi mwayi womwe a ku Lilongwe alibe, woti mungathe kukwera galimoto Loweruka masana n'kukayendera nokha malo atatu kapena anayi musanalipire kalikonse. Pitani nthawi yomwe phokoso limafika pachimake, muime pakhomo la chipinda chomwe akufuna kukupatsani, mumvetsere. Ku Nkhotakota simungachite zimenezi popanda kuwononga mafuta ambiri.

Nachisale_Salima:
Zikomo nonse. Poyankha a Mlonda_waGombe, ana awiri ali pasukulu, choncho tili ndi mipata itatu yokha: tchuthi cha Khrisimasi, cha Pasaka, ndi chachitali chija chapakati pa chaka. Poyamba timaganiza za Khrisimasi chifukwa ndi pomwe bambo amapuma kuntchito, koma akhoza kupempha masiku nthawi ina.

Msodzi_Wakale:
Mayi Nachisale, popeza mwatchula nyengo zitatu, ndiloleni ndikuuzeni momwe nyanja imakhalira pa nyengo iliyonse, chifukwa ndakulira pamadzi amenewa. Bata la pamtunda ndi bata la pamadzi ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Tchuthi chachitali chimagwa m'nyengo ya mwera. Mphepo imeneyi imachokera kumwera chakum'mawa, imayamba cha mu Meyi ndipo imalimba mu Juni ndi Julayi. Magombe a Salima ndi Nkhotakota amailandira pamaso, ndipo ikayamba imatha masiku angapo osaleka. Mafunde ake amagubuduza mabwato a anthu odziwa nyanja, nanji mwana wa zaka 4. Anthu amakhala ochepa m'miyezi imeneyi, udzudzu umachepa, ndipo usiku kumazizira bwino, koma mukhoza kukhala masiku onse ana akungoyang'ana madzi osalowamo. Mukasankha tchuthi chimenechi, dikirani kumapeto kwa Ogasiti pamene mwera wayamba kufooka ndipo kutentha kwa Okutobala kusanafike.

Pa Khrisimasi mvula imakhala itayamba, kunja kumatentha, ndipo mphepo ya mpoto imatha kubwera mwadzidzidzi ndi mabingu. Mitsinje monga Linthipe, Bua ndi Dwangwa imathira matope ndi zinyalala m'nyanja, moti gombe loyandikana ndi mathiriro a mtsinje limakhala ndi madzi ofiira. Pa Pasaka mvula imakhala ikutha, dziko lili lobiriwira, madzi ali ofunda, koma nyanja imakhala itadzaza kwambiri ndipo mchenga umachepa.

Ndionjezere za mwezi wakumwamba. Usipa timaupha usiku ndi nyali, ndipo ntchito imeneyi imakula mwezi ukakhala mumdima. Masiku amenewo mainjini a maboti amalira madzulo ponyamuka ndi m'bandakucha pobwerera. Nthawi yomweyonso ndi pomwe nkhungu, tizilombo ting'onoting'ono touluka, zimatuluka m'madzi, ndipo mphepo ikazikankhira kumtunda zimadzaza pa nyali iliyonse ndi m'mbale za chakudya, ngakhale siziluma. Mwezi ukakhala wowala, zonse ziwirizi zimachepa.

Mlonda_waGombe:
Izi ndiye zomwe simungazipeze pa chikwangwani cha loji iliyonse. Ndikuvomereza za kumapeto kwa Ogasiti.

Namwino_waBenga:
Ndimagwira ntchito ya zaumoyo m'mbali mwa nyanja, ndipo ndikufuna kuti tisakondwere ndi bata tisanaone mtengo wake. Walira mvula walira matope. Malo akakhala kutali ndi anthu amakhalanso kutali ndi chipatala, ndipo a Nachisale akunyamula mwana wamng'ono ndi munthu wachikulire. Ku Senga Bay, chipatala cha boma chili pamtunda wa makilomita 20 amene atchulidwa aja, pamsewu wa tala. Ku Nkhotakota kuli chipatala cha boma ndi cha mishoni cha St Anne's, zonse m'tauni, koma muyenera kuwerengera msewu wafumbi wochoka pa loji, womwe m'nyengo ya mvula ukhoza kukuvutani usiku. Funsani ngati pamalopo pamagona galimoto ndi munthu wodziwa kuyendetsa.

Za malungo, inu a ku Salima mukuzidziwa kale, koma apongozi anu akuchokera kumtunda kozizira. Chipinda chilichonse chikhale ndi neti yopanda zibowo yokwanira bedi lonse, ndipo ndi bwino kunyamula yanu ya mwana. Wina akatentha thupi ali komweko kapena patatha sabata kapena kuposerapo mutabwerera, akayezetse magazi tsiku lomwelo.

Likodzo ndi lomwe anthu amalinyozera. Tizilombo take timakulira mu nkhono za m'madzi, ndipo timalowa pakhungu munthu akamasamba kapena kuyenda m'madzimo. Nkhonozi zimakonda madzi odikha, a bango ndi udzu, makamaka pafupi ndi pomwe anthu ambiri amachapa ndi kusamba. Vuto ndi lakuti madzi odikha amenewo ndiwo amakopa makolo a ana aang'ono. Gombe la mchenga woyera lomwe mafunde amamenyapo lili ndi chiopsezo chochepa, koma sindingakuuzeni kuti chiopsezo palibe, chifukwa mtundu wina wa nkhonozi umakhala pamchenga pomwepo pansi pa madzi. Mankhwala ake, praziquantel, amapha nyongolotsi zomwe zakula kale, choncho kumwa tsiku lomwe mwachoka kunyanja sikuthandiza kwenikweni. Pitani kuchipatala patatha miyezi iwiri kapena itatu, kapena msanga mukaona magazi mumkodzo wa mwana, ndipo mulingo wa mankhwala aupime ndi achipatala potengera kulemera kwa thupi.

MayiAKondwani:
A Namwino, nanga za ng'ona? Ineyo mantha anga ali pamenepo, moti ndimakonda gombe lodzaza anthu poganiza kuti ng'ona imathawa phokoso.

Msodzi_Wakale:
Mayi a Kondwani, ng'ona ndi mvuu zimakonda mathiriro a mitsinje, madambo ndi mabango, monga kuzungulira Chia ndi kumene Bua amathira m'nyanja. Pagombe lotseguka la mchenga siziwoneka kawirikawiri, koma madzi akakwera zimayenda mtunda. Lamulo lomwe ife tinakula nalo ndi lakuti mwana salowa m'madzi dzuwa lisanatuluke kapena litalowa. Ndipo musafunse mwini loji yekha ngati pali ng'ona. Funsani amayi omwe amachapa pafupi ndi pamenepo, chifukwa iwo alibe chipinda choti akugulitseni.

BamboA_Chisomo:
Ndikufuna kuchenjeza pa mfundo ya a WaKuKambiri yokayendera malo. Ndi yabwino, koma siyokwanira. Ife tinapeza loji ina yaing'ono m'mbali mwa nyanja yomweyi, sinditchula dzina, ndipo titakaiona inali phee. Tinalipira chikole, tinafika Lachinayi, ndipo usiku woyamba tinagona bwino kwambiri. Lachisanu m'mawa kunafika lole ndi mahema, mipando ya pulasitiki yomangidwa m'mitolo, ndi zokuzira mawu zazitali kuposa mwana wanga woyamba. Kunali chinkhoswe Loweruka ndipo eni malo ankadziwa kalekale. Kuyesa zida kokha kunayamba masana a Lachisanu lomwelo, munthu akubwereza mawu amodzimodzi pa maikolofoni pamene mwana wathu wakhanda amafuna kugona. Titadandaula anatiyankha mwaulemu kuti sitinafunse. Ndalama sanabweze, ndipo kunena zoona, panalibe pomwe tinalemberana kuti malowo adzakhala athu tokha.

Ndinali_Weta:
Zomwe zinawachitikira a BamboA_Chisomo si zachilendo, ndipo ndikufotokozereni chifukwa chake monga munthu amene ndinagwirapo ntchito yoperekera zakudya m'malo otere. Mabanja obwera kudzapuma sabweretsa ndalama zokwanira kulipira antchito chaka chonse. Zomwe zimasunga maloji ambiri a ku Salima ndi misonkhano ya mabungwe ndi maofesi pakati pa sabata, ndiponso maukwati ndi zinkhoswe kumapeto kwa sabata. Choncho malo aliwonse okhala ndi holo yaikulu kapena bwalo la kapinga lotambalala, dziwani kuti amalandira magulu. A msonkhano masana savuta chifukwa amakhala m'holo, koma madzulo amadzaza pa bala, ndipo chakudya chanu chimachedwa chifukwa kukhitchini amayamba ndi gulu.

Poimba foni, musafunse kuti kodi kwanuko ndi kwabata, chifukwa aliyense adzayankha kuti inde. Funsani kuti malowo ali ndi zipinda zingati, ngati pa masiku anuwo pali gulu lomwe lasungitsa malo, ngati amalola anthu olipira pachipata, komanso nthawi yomwe nyimbo za pa bala zimazimitsidwa. Funsaninso chomwe chili kuseri kwa mpanda mbali zonse ziwiri, popeza loji ikhoza kukhala yabata koma yoyandikana ndi malo omwera mowa. Magetsi akazima, jenereta ili mbali iti, ndipo chipinda chanu chatalikirana nayo bwanji? Malo ogwiritsa ntchito mphamvu ya dzuwa amaposa pa nkhani imeneyi, ngakhale kuti ena mwa iwo sakhala ndi mphamvu yoyendetsa fani usiku wonse. Mayankho onsewa awalembe pa WhatsApp musanatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo nambala yolandira ndalamayo muitsimikize ndi ofesi ya malowo.

Pomaliza, pemphani chithunzi cha gombe chojambulidwa sabata yomweyo. Mu 2024 madzi a nyanja anakwera kwambiri moti malo ambiri ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota anataya mchenga wawo ndipo ena madzi analowa m'zipinda. Zithunzi zambiri zomwe zili pa intaneti zinajambulidwa izi zisanachitike.

Achimwene_aKaphatenga:
Ine ndikuona ngati tikukokomeza. Ana amasangalala akaona ana anzawo. Mukawatengera kumalo komwe kuli inu nokha ndi agogo, wa zaka 13 uja adzangokhalira foni n'kumafunsa kuti tibwerera liti. Bata limeneli mukufunira ana kapena mukudzifunira nokha?

Nachisale_Salima:
Achimwene, funso lanu ndi lachilungamo, ndipo yankho ndi lakuti tikufunira tonse. Sindikuthawa ana a anthu ena. Ndikuthawa mabotolo osweka mumchenga, magalimoto obwerera m'mbuyo pomwe ana akusewera, ndi khamu loti ukangophethira mwana wasowa pakati pa anthu. Patakhala mabanja ena atatu kapena anayi, ndingakondwe kwambiri.

MphunzitsiWaChia:
Pali mbali ina ya nkhaniyi yomwe sitinaikhudze. Tikamanena kuti gombe lopanda anthu, tikumbukire kuti nyanjayi ndi munda wa anthu a m'mphepete mwake. Ndi pomwe amatunga madzi, kuchapa, kusoka maukonde ndi kuyanika usipa pa thandala. Malo ena amapeza bata lomwe tikulifunali pomanga mpanda mpaka m'madzi ndi kuika mlonda wothamangitsa ana a m'mudzi, moti mayi amene kale ankayenda pang'ono kukachapa tsopano amazungulira mtunda wautali ndi beseni pamutu. Ine ndikafika pamalo ndimayang'ana momwe mlonda amalankhulira ndi anthu odutsa pagombe. Kumene amapatsana moni ndi kudziwana maina, katundu wanu amakhalanso wotetezeka, chifukwa mudzi wonse umaona malowo ngati awo. Kumene kuli chidani, bata lake limakhala la pamaso chabe.

WaKuKambiri:
Aphunzitsi, mfundo yanu ndaimva, koma munthu amene walipira ndalama zake ali ndi ufulu wopuma osazunguliridwa ndi ogulitsa ziboliboli ndi mikanda kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Si kudana ndi anthu a m'mudzi kufuna kuti mwana wako adye chakudya popanda anthu khumi kumuyang'anitsitsa.

MphunzitsiWaChia:
Sindikutsutsa zimenezo, achimwene. Malo oyendetsedwa bwino amagwirizana ndi mudzi kuti ogulitsa akhale ndi pokhala pawo pafupi ndi chipata, ndipo njira ya m'mphepete mwa madzi ikhale yotseguka kwa odutsa. Zimenezi zimatheka popanda chikwapu. Chomwe ndingawalangize a Nachisale ndi chakuti asasankhe malo ogundizana ndi doko la asodzi, chifukwa pamenepo ntchito imayamba kusanache ndipo fungo la nsomba zoyanika silisankha mphuno. Doko likhale pamtunda woti mukhoza kuyenda wapansi m'mawa ndi ana kukaona maboti akufika. Mwana wa zaka 13 amene achimwene a ku Kaphatenga akumudera nkhawa adzaiwala foni akadzaona khoka la chilimira likutsitsidwa.

MayiAKondwani:
Pamenepo ndiye pali funso la chakudya. Kodi ndi bwino malo ophikiridwa kapena nyumba yophika wekha? Anthu asanu ndi mmodzi kudya katatu pa tsiku pa mitengo ya hotela, ndalama ya chakudya ikhoza kuposa ya malo ogona.

Nankhoma_KK:
Kwa banja lokhala ndi agogo, ine ndimasankha nyumba yokhala ndi khitchini. Achikulire ambiri safuna tchipisi tsiku lililonse, amafuna nsima yawo pa nthawi yake ndi tiyi m'mawa kwambiri, pamene khitchini ya loji imatsegulidwa mochedwa. Nyumba zambiri zobwereketsa zimakhala ndi wosamalira amene mungagwirizane naye kuti azikuphikirani, ndipo iyeyo amadziwa msodzi woti akubweretsereni kampango kapena batala wa m'mawa womwewo. Mukamabwera kuno, pa mlatho wa Chia pamagulitsidwa nsomba zaziwisi, ndipo mpunga wa kuno simufunika kuuzidwa. Ufa, mafuta ophikira, makala ndi madzi akumwa nyamulani kuchokera ku Salima, chifukwa sitolo yapafupi ikhoza kukhala ya sopo ndi machesi basi. Dziwaninso kuti mu Novembala ndi Disembala boma limatseka usodzi wa makoka kuti chambo chiswane, kotero wokugulitsani chambo chodzaza mazira nthawi imeneyo mukanize. Apongozi anu akafuna kulawa kondowole, wosamalira nyumbayo ndi amene angawaphikire bwino, popeza ufa wa chinangwa umafuna dzanja lozolowera.

Kuipa kwa nyumba yotere ndi kwakuti mayi amene amafuna kupuma amapezeka akutsukanso mbale monga kunyumba. Mugwirizane za wophika musanafike.

MwanaWaLinga:
Ndibwerere kwa achimwene a ku Kaphatenga pa nkhani yoti ana adzasowa chochita. Kuno mwera ukakutsekerani nyanja, muli ndi kopita. Nkhalango yosungira nyama ya Nkhotakota, yomwe kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 1,800, yakhala m'manja mwa bungwe la African Parks kuyambira 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsiramo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Ndi nkhalango yowirira, choncho musawalonjeze ana kuti adzaona njovu ndithu, koma mtsinje wa Bua, momwe mpasa umakwera kukaswana, ndi wokongola pawokha. M'tauni muli mkuyu womwe David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863 pa nkhani ya malonda a akapolo, ndipo mwana wa zaka 13 amaphunzira zimenezi m'kalasi. Ku Nkhotakota Pottery alendo amaona momwe amaumbira makapu ndi mbale za dongo, zomwe ana amazikonda.

WaKuKambiri:
Salima nayonso sisowa. Ku Kuti, malo osungira nyama omwe ali pafupi ndi boma, kulibe mikango kapena njovu, moti banja limayenda wapansi kapena pa njinga pakati pa mbidzi ndi agwape. Ndipo amene akufunadi malo omwe galimoto ya nyimbo singafike, pa chilumba cha Nankoma, chimodzi mwa zilumba za Maleri zomwe zili mbali ya Lake Malawi National Park, pali loji yomwe mumakafikako pa boti kuchokera ku Senga Bay. Ana amaona nsomba za mbuna zamitundumitundu m'miyala pomwepo.

Namwino_waBenga:
Chilumba ndi chabwino kwa ana akuluakulu odziwa kusambira. Kwa agogo a mawondo ovuta, kukwera ndi kutsika m'boti lomwe likugwedezeka si chinthu chapafupi, ndipo zilumba zimenezi ndi zamiyala ndi zitunda. Aliyense wokwera boti, kaya ndi ulendo waufupi wokaona chilumba cha Namalenje, aonetsetse kuti muli jekete zoyandamitsa za msinkhu wa ana, chifukwa jekete ya munthu wamkulu imavuka mwana akagwera m'madzi. Ndikumbutsenso kuti magombe ambiri abata alibe munthu wolondera osambira. Pagulu pamapezeka wina wokuwa, koma kumene muli nokha, maso ndi anu okha. Muzisinthana, wamkulu mmodzi akhale ndi ntchito yoyang'ana ana basi, wopanda foni m'manja.

Dalaivala_M5:
Za msewu ndinenepo ine amene ndimauyenda. Kuchokera pa Kaphatenga kudutsa Khombedza ndi Benga mpaka ku Nkhotakota, msewu wa M5 wakhala wopapatiza, wodyeka m'mbali, ndi milatho ina yodutsa galimoto imodzi, ndipo mbali zina pakhala pakuchitika ntchito yokonza yomwe imakupatutsirani m'fumbi. Mulinso malole a shuga ochokera ku Dwangwa, njinga za kabaza ndi mbuzi. Musaupimire pa makilomita okha, ndipo musauyende usiku muli ndi ana. Nyamukani m'mawa, thanki itadzaza kuchokera ku Salima, chifukwa mafuta akavuta m'dziko muno madera a kunyanja amakhala omalizira kulandira. M'nyengo ya mvula msewu umenewu umaduka madzi akasefukira, monga zinachitikira ku Dwangwa kumayambiriro kwa 2024. Ichi ndi chifukwa chinanso chosiyira Khrisimasi.

Nachisale_Salima:
Ndathokoza nonse, ndipo ndawerengera bambo a kunyumba mayankho onse. Tagwirizana kuti za Khrisimasi tazisiya, ndipo apempha masiku a sabata yomaliza ya Ogasiti, kuyambira Lolemba kuti tichoke Lachisanu anthu a kumapeto kwa sabata asanafike. Pa za malo sitinamvane. Iwo akufuna ku Nkhotakota chifukwa cha nkhalango ndi mchenga wautali, pamene ine mtima uli ku Senga Bay chifukwa cha chipatala ndi mawondo a amayi. Loweruka likubwerali tikayendera nyumba ziwiri zobwereketsa cha ku Kambiri ku Senga Bay monga a WaKuKambiri analangizira, ndipo zikakatikhumudwitsa tidzaimbira malo a kumwera kwa Nkhotakota ndi mafunso a Ndinali_Weta. Kodi kumapeto kwa Ogasiti nyumba zotere zimadzaza msanga, kapena tikhoza kudikira mpaka Julayi?

Ndinali_Weta:
Musadikire mpaka Julayi, mayi. Nyumba zokhala ndi zipinda zitatu pamalo achidikha ndi zochepa, ndipo mu Ogasiti mumapikisana ndi mabanja a ku Lilongwe komanso alendo ochokera kunja omwe amakhala pa tchuthi nthawi yomweyo. Sungitsani malo sukulu zisanatsekere. Ena amatchula mitengo m'madola, ndipo munaona momwe zinthu zinasinthira kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho pemphani kuti mtengo wonse ulembedwe m'makwacha, msonkho uli momwemo, ndiponso alembe ndalama yomwe angakubwezereni mutasintha masiku. Mukakayendera nyumbazo Loweruka, tsegulani mpopi wa kubafa muone ngati madzi akutuluka, ndipo muwerenge masitepe ochoka pakhonde kufika pamchenga kuti mukawauze agogo asanavomere.